Mbande za Kuseri kwa Bafa

Kwathu kuli phiri lopanda mtengo. Ndinabadwa lili lotero, lofiira, la zitsa zokhazokha, moti ndili wamng'ono ndinkayesa mapiri onse a padziko amakhala ometedwa. Nyumba ya amayi ili m'tsinde mwake. Mvula ikagwa, madzi amatsika ngati pali wina akuwapirikitsa, ndipo anakumba chigwembe chimene chaka chilichonse chimasendera kukhomo kwathu.

Malume anga a Likomba, amene amawotcherera zitsulo m'tauni, anabwera tsiku lina nkuima pamlomo pa chigwembecho manja ali m'thumba.

"Mlongo," anatero, "ichi chikadzangonyambita khonde, ine ndikubwera ndi lole, muzikakhala kwathu. Sindingadikire kudzakufukulani m'matope."

Amayi anangopitiriza kutong'ola chimanga. Koma ine ndinkadziwa kuti amayi anga m'tauni sangakhalemo. Anapitako kamodzi kukadwazika matenda, nkubwerako ataonda kuposa wodwalayo.

Ndiye ankalimbana nalo okha phirilo. Kuseri kwa bafa kwathu kuli nthochi, ndipo pakati pa nthochizo ndi mpanda wa udzu pali kamalo kamdima, konyowa nthawi zonse ndi madzi osambira. Pamenepo mpamene ankafesa mbawa m'mapepala a shuga. Mbande zake zinkakula mosiririka, masamba otambalala, obiriwira mpaka kuderako, onyezimira ngati awadzoza mafuta. Azimayi opita kumjigo ankapatuka kudzaziona. "A Nangondo, dzanja lanuli ndi lina," ankatero, amayi nkumasekera kumbali.

Mvula ikayandikira ankatenga chikwanje kukalambula phiri. Mphukira iliyonse ya pachitsa, kachitsamba kalikonse kaminga, udzu, zonse pansi, mpaka pamalopo pakhale mbee ngati pabwalo posesa. Ankati munthu wolongosoka sabzala mtengo m'tchire. Kenaka ankasenza mbandezo m'beseni nkukazibzala m'mizere yowongoka bwino. Mvula ikangodukiza masiku angapo, masamba aja ankatuwa, kupiringizika, nkuyoyoka. Amayi ankabwerera kuseri kwa bafa kukafesa zina.

Ine ndinali nditangolemba mayeso otsiriza a kusekondale. Kusukulu anatiphunzitsa kuti tsamba ndilo khitchini ya mtengo, limaphika chakudya ndi dzuwa, madzi ndi mpweya. Nanga dzuwa lomwelo liziphanso bwanji tsamba? Funsoli ndinakhala nalo osafunsa munthu. Ndine wamanyazi, ndivomere. M'kalasi mayankho ndinkawadziwa, koma dzanja langa linkalemera kukwera.

M'mawa wina ndinawauza amayi kuti ndikukafuna ganyu kumene amafesa mitengo. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anandimangira mbatata yootcha pakansalu. Iwo amati sindinakhalitse kumene ndinapitako. Ine ndimaona ngati zinali zaka zambirimbiri, chifukwa misewu yake inkafanana, ndipo kulikonse ndinkafika dzuwa lili paliwombo, kukhosi kutauma.

Poyamba ndinafika m'tauni ya m'mbali mwa tala, ya fumbi ndi mahutala. Kumapeto kwake kunali nazale, machubu akuda atandanda pansi pa neti. Ndinapempha madzi akumwa.

"Ukuti chiyani?" anafunsa mayi wojintcha amene ankasefa dothi. Anali eni nazaleyo, a Nachisale. "Kweza mawu, mwanawe. Ine si sing'anga woti ndizimva za mumtima."

Ndinabwereza. Anandipatsa madzi, ndisanatsitse kapu nkundipatsanso sefa.

Ndinaphunzira kusakaniza dothi lakuda ndi mchenga ndi manyowa, kudzaza chubu osatsindira kwambiri, kudula mizu yotulukira pansi isanagwire nthaka. A Nachisale pakamwa sipankatsekeka. Ankalankhula ndi makasitomala, ndi agalu odutsa, ndi mbande zomwe. Ine ankanditcha wailesi yopanda mabatire, ndipo dzinalo silinkandiwawa, chifukwa akatero ankandigawira chigumu.

Kunja kwa neti kunali mzere wina wa mbande zimene panalibe woziyang'ana, zazifupi, masamba ang'onoang'ono, achikasu pang'ono. Tsiku lina anathothola tsamba limodzi pamenepo, lina mkati mwa neti, nkundiika m'manja.

"Tsinzina. Gwira."

La mkati linali lofewa, lopyapyala ngati pepala la m'buku la nyimbo. La kunja linali lokhuthala, lolimba ngati lamba.

"Mbewu zake ndinatola pansi pa mtengo umodzi," anatero. "Ili labadwira mumthunzi, ladzitambasula kuti litole kadzuwa kochepa kamene kakudontha. Ili labadwira pamtetete, lavala jekete. Tsamba likakula silisinthanso, mwanawe. Mmene labadwira ndi momwemo."

"Nanga bwanji anthu amagula za mkatizi?" Ndinadabwa kumva mawu anga omwe.

"Eee, wailesi yalira lero! Anthu amagula ndi maso. Wa mpopi pakhomo ndimamugulitsa zokongolazi, zikakhala bwino m'mbali mwa mpanda. Koma wopita nazo kuthengo ndimamukaniza, kaya andikwiyire. Zake ndimazisendeza pang'onopang'ono. Kuyamba ndi dzuwa la m'mawa lokha, kenaka mpaka chakumasana, madzinso ndikumachepetsa. Masamba akale amagwa, atsopano amatuluka odziwa dzuwa."

Ndinakumbukira kuseri kwa bafa. Madzulo ake tikutsuka makeni othirira ndinawafotokozera za phiri lathu, mawu atatu kupuma, mawu atatu kupuma.

"Mbawa paphiri lambee?" anapukusa mutu. "Ngakhale ya jekete ikalira. Ine ndimadziwa za m'chubu basi. Pita ukaone kumene imamera yokha."

M'masiku amenewo kunadutsa a Chidzanja, bambo wogulitsa mphasa panjinga, amene amadziwa njira zonse ndi nkhani za makomo onse.

"Si iwe mwana wa a Nangondo a kuphiri? Mayi ako ali bwino, ndinamwa thobwa lawo. Koma chigwembe chameza mtengo wa mango uja. Unagwa ndi zipatso zomwe, ana adya mpaka m'mimba kulira."

Ndinatsanzika. Ndinadutsa midzi ya njerwa zowotcha, midzi ya fodya, midzi imene nkhuni amazigulitsa zomangidwa timitolo ngati ndiwo zamasamba. Kwina ndinkagona m'nyumba za mpingo, kwina kwa azimayi ondimvera chisoni. Nkhope zawo tsopano zinasakanikirana, ndimangokumbukira manja awo akundipatsira madzi.

Kenaka ndinafika m'mudzi wa m'mphepete mwa nkhalango yotsala. Dzuwa linali paliwombo. Ndinapempha madzi kwa bambo wowonda amene ankayanika mbewu pachiguduli. Sanandifunse kuti ndati chiyani. Anandimva kamodzi komweko, chifukwa nawonso anali munthu wa mawu apansi. Dzina lawo anali a Mtalimanja, ndipo ntchito yawo inali kutola mbewu za mitengo nkumaperekera anthu a manazale.

Tinkatha tsiku lonse ndi mawu osadzaza chikho, koma sindinakhalepo ndi munthu womveka chonchija. Akaloza ndi chibwano ndinkadziwa kuti tiyale ziguduli pansi pa mtengo uwo. Ndinaphunzira kumva chipatso cha mbawa chikatsala pang'ono kung'aluka, kupeta mbewu zake zopepuka osaziulutsa, kusiya zina pansi kuti nkhalango isatidandaule.

Kumalire a nkhalangoyo kunali munda wakale umene eni ake anausiya. Munamera mithethe yaminga yokhayokha. Masana ena anandiuza kuti ndigone chagada pansi pa umodzi.

"Ukuona chiyani?"

"Dzuwa," ndinatero. "Koma losefedwa."

Timasamba ta mthethe ndi tating'ono ngati mpunga, ndipo mthunzi wake ndi wobookabooka. Kuwala kunkagwera pankhope panga timadontho, kosapweteka. Nditatembenuka ndinaona pambali panga kambawa kofika m'bondo, kena patsogolo, kena uko. Panalibe amene anatibzala.

"Waminga ndiye amayamba," anatero a Mtalimanja. "Saopa dzuwa. Mbawa imabwera pambuyo, ikapeza pokhala."

Timbawa timeneto ndinatikonda. Ndinkapita m'mawa uliwonse kukatichotsera zilambe, kutiyang'ana masamba atsopano. Ndinkatiuza zinthu zimene sindinauzepo munthu, monga zoti ndimaopa kuyankha foni, ndi zoti kusukulu kunali mnyamata wina amene sindinamuyang'anepo kumaso ngakhale kamodzi.

Chilimwe chitafika pachimake, osaka mbewa anayatsa moto kudambo, mphepo nkuubweretsa. Tinathamanga ndi nthambi zaziwisi koma unatipitirira. Utazima ndinapeza timbawa tanga tili timitengo takuda, tothetheka ndikakhudza. Ndinakhala paphulusa nkulira. A Mtalimanja anakhala chapatali pang'ono, osanditonthoza, osachokanso.

Sindikudziwa kuti panapita nthawi yaitali bwanji. Mvula inali isanagwe ndi dontho lomwe, kumwamba kuli gwaa. Koma m'mawa wina pamalo opserera paja panali pofiira. Zitsa zakale za mitengo ya mombo ndi ya tsamba, zimene ndinkaziyesa zakufa, zinali zitatulutsa masamba anthete, ofiira ngati magazi a nkhuku, ena ofiirira ngati uchi. Ndinayenda pakati pake ngati ndikulota.

"Madzi zikuwatenga kuti?" ndinafunsa.

Anatenga khasu nkukumba m'mbali mwa chitsa chimodzi. Muzu wake unali wonenepa ngati ntchafu, wolunjika pansi, ndipo tinatopa tisanauone pothera.

"Mtengo uli pansipa," anatero. "Anthu amadula chipewa chokha."

Ndinaganiza za zitsa za paphiri lathu, ndi chikwanje cha amayi chikuzimeta chaka ndi chaka.

A Chidzanja anatulukira m'njira ya m'nkhalango, mphasa zitachepako panjinga.

"Iwe uli ponseponse ngati ine! Mayi ako akupereka moni. Chigwembe chadya khola. Mbuzi tsopano zikugona kukhitchini, zikununkha utsi ngati zowambawamba kale."

Anaseka, ine osaseka. Ndinkafuna kubwerera, koma funso langa lija linali lisanayankhidwe, ndipo ndinkadziwa kuti amayi sangasiye njira yawo chifukwa cha mwana wongoti ndinaona. A Mtalimanja anandilozera ndi chibwano chakum'mawa, kumene ankatumiza mbewu zawo zambiri.

Kumeneko ndinapeza chigwa chachikulu chobzalidwa mitengo ya mitundumitundu, uliwonse utavala kachitsulo ka nambala. Dzuwa linali paliwombo. Pansi pa mtengo wina panagwada mayi wachitsikana wa chipewa chachikulu, atapanitsa tsamba ndi kachipangizo kokhala ngati chopanira zovala pachingwe, kolumikizidwa ku bokosi lolira pang'onopang'ono. Ndisanapemphe, ananditambasulira botolo la madzi osacheuka.

"Imwa, mng'ono wanga, kenaka undigwirire ambulera iyi. Galasi la pabokosili sindikuliona ndi dzuwa."

Anali a Tiyezge, ochita kafukufuku wa mitengo yobwezeretsa nkhalango. Bokosi lawo linkamvetsera kupuma kwa tsamba, kuti likumeza mpweya wochuluka bwanji, likutaya madzi ochuluka bwanji. Ndinakhala nawo nyengo yonseyo. Tinkayamba mame asanaume, mtengo ndi mtengo, tsamba la pamwamba ndi la pansi. Anandiphunzitsa kupana tsamba osalivulaza, ndi kudikira kuti lizolowere lisanayambe kunena zoona. Ankati masamba ali ngati ine, ukawafulumiza amangoti zii.

M'mawa manambala a pabokosi ankakwera. Chakumasana ankatsika, mitengo ina mpaka kutsala pang'ono kufika pansi. Ndinaziona masiku ambiri, kenaka tsiku lina funso lija linangotuluka lokha, lonse, mmene ndinalisungira kuchokera kwathu.

A Tiyezge anavula chipewa nkukhala pansi.

"Kunsi kwa tsamba kuli timilomo tosaoneka ndi maso. Tikatseguka mpweya umalowa, koma madzinso amathawa. Masana kukatentha, mtengo umatitseka kuti usaume. Ukatseka, kuphika kwaima. Koma dzuwa silinaime, likumenyabe. Unayamba wasiyapo poto wopanda kanthu pamoto?"

"Amapserera."

"Basitu. Tsamba lokhuthala limapirira, lili ndi njira zotayira moto wotsalawo. Lopyapyala la mumthunzi lilibe. Linapangidwira kamoto kochepa."

Zinali zophweka choncho. Mtima wanga unakhuta.

Anandionetsa zambiri. Naphini, wa masamba a ubweya wotuwa umene umabweza dzuwa. Mthethe, wa timasamba tozizira msanga kamphepo kakadutsa. Kufiira kwa masamba anthete a mombo ankati mwina ndi chophimba, choteteza tsamba lisanakhwime, ngakhale anavomera kuti pamenepo ophunzira sanamvanebe. Mitengo ina imapanga masamba otchipa, odya mofulumira, othothoka msanga. Ina imapanga odula, odya pang'onopang'ono, okhalitsa. Ankati palibe woposa mnzake, nkhani ndi kudziwa woyamba ndi wotsatira. Ndipo m'chigwa chawocho, timbawa tobzalidwa pansi pa mithethe tinkapitiriza kudya mpaka chakumasana, pamene ta pamtetete tinali titatseka kale pakamwa.

Masiku amenewo ndinali wokondwa. Nthawi zina bokosi likazimitsidwa ndinkaona ngati ndikukumvabe kupuma kuja, chigwa chonse chikukoka mpweya m'mawa, nkuugwira masana.

A Chidzanja anafika ndi mphasa imodzi yokha yotsala. Ulendo uno sanaseke.

"Nkhokwe yapendekeka. Malume ako ndawaona m'tauni akukambirana ndi mwini lole. Akuti mvula ikubwerayi ikangotha."

Njira yobwerera inali yaifupi modabwitsa. Ndinapeza amayi ali kuseri kwa bafa, atawerama pa mbande zawo, zokongola kuposa zaka zonse.

"Wabwera? Taona mmene zachitira chaka chino. Izi zokha zigwira."

Mawu onse amene ndinawakonza m'njira anathawa. Munthu ungawauze bwanji mayi ako kuti chisamaliro chawo ndicho chikupha? Ndinangoti, "Zakongola, amayi."

M'mawa mwake amayi atapita kumjigo, ndinanyamula mbandezo nkukaziika kukhoma la kum'mawa, kumene dzuwa limafika lisanapse. Ndinapita kokatola nkhuni. Pobwera ndinazipeza zili kuseri kwa bafa.

"Ana a pamudzi pano alibe mwambo," anadandaula amayi tikudya. "Andichotsera mbande kukaziika padzuwa. Ndikamugwira mmodzi aona."

Ndinayang'ana m'mbale. Mawa lake ndinazisunthanso, iwo nkuzibwezanso. Zinatero masiku angapo, mbande zikuyenda m'mawa, kubwerera masana, ngati ana a sukulu. Tsiku lina nditanyamula beseni ndinamva kutsokomola. Amayi anali ataima kuseri kwa nthochi, ndowa yopanda madzi ili m'manja.

"Ndiye ndiwe."

"Ndine, amayi."

"Zakulakwira chiyani?"

Ndinatula beseni. Kenaka ndinalankhula. Ndinanena za tsamba lobadwira mumthunzi, za timilomo totseka masana, za poto wopanda kanthu pamoto. Sindinalankhulepo nthawi yaitali choncho chibadwire. Nditamaliza amayi anakhala pa ndowa ija ataivundikira.

"Ukutanthauza kuti ndimazipha ndine."

"Ayi, amayi. Mumazilera bwino. Koma mumazilerera kuseri kwa bafa, osati kuphiri."

"Zaka zonsezi madzi ndimasenza ine, iwe uli m'kalasi."

"Ndikudziwa."

Anaingitsa nkhuku imene inadzajompha pafupi ndi phazi lawo.

"Tenga theka," anatero. "Uzizunze zakozo mmene ukufunira. Zanga usazikhudze."

"Palinso za chikwanje, amayi."

"Chikwanjenso chalakwa?"

"Phiri tisalambule. Zitsa zija ndi zamoyo. Minga ija ndi mthunzi."

"Iii, mwana uyu! Anthu azidutsa nkumati a Nangondo ulesi wawagwira? Kumene unapitako anakudyetsa chiyani?" Anaimirira nkukutumula chitenje. "Phirinso theka. Mbali ya kumjigo, yoonekera anthu, ndi yanga."

Zinatero. Mbande zanga zinayoyola masamba okongola aja nkutulutsa ang'onoang'ono olimba, zina nkufa ndithu. Amayi akadutsa pakhomapo ankayang'ana kumbali ngati aona mwana wosasamba. Mbali yawo ya phiri anailambula mbee. Mbali yanga, imene inali kumutu kwa chigwembe, ndinasiya udzu ndi timithethe. Pachitsa chilichonse ndinasankha mphukira zamphamvu zochepa nkudulira zinazo, ndipo nthambi zodulazo ndinazipingasa m'tinjira ta madzi. Mvula itagwa ndinabzala timbawa tanga m'mbali mwa minga, mopanda mzere.

"Za kusukulu zimenezo," ankatero azimayi a kumjigo mokweza kuti ndimve. "Kubzala mtengo m'tchire ngati ukubisa katundu wakuba!"

Ndinkachita manyazi mpaka makutu kutentha, koma ndinkapitabe.

Pakati pa dzinja kunachita ng'amba. Chimanga chinapota masamba, ndipo mbali ya amayi inayamba kutuwa monga mwa zaka zonse. Timbawa tanga tinaima chilili, tosakula, tosakongola, koma tobiriwira. M'mawa wina ndinangowaona amayi patali akuzika nthambi zamasamba pambali pa mbande zawo zotsala, imodziimodzi, kuzipangira kamthunzi. Ndipo mbewu zatsopano zitamera, ndinapeza mapepala a shuga atandanda kukhoma la kum'mawa.

"Kuseriku kwachuluka nkhono," anatero osandiyang'ana.

"Zoona, amayi. Zachuluka."

Mitengo yofika m'bondo siingaimitse chigwembe, zimenezo ndinkazidziwa. Mvula itabwerera mwamphamvu, nkhokwe inagwa. Koma madzi ochokera mbali ya tchire ankatsika mochedwa, osafiira kwambiri, akupunthwa m'maudzu ndi m'nthambi zija. Chigwembe chinasendera, koma pang'ono, ngati chatopa. Dzinja litatha, pakati pa icho ndi khonde panatsala malo oti munthu nkuyanikapo mphale.

Lole inabwera monga ananenera a Chidzanja. Malume anatsika ndi zingwe zomangira katundu.

"Longedzani, mlongo. Dalaivalayu ali ndi ulendo wina."

Amayi anawayalira mphasa, kuwapatsa moni, kufunsa za alamu ndi ana mmodzimmodzi, osafulumira. Kenaka anati, "Achimwene, paja munati chikadzatani?"

"Chikadzanyambita khonde."

"Chanyambita?"

Malume anapita kukayang'ana. Anaima pamlomo paja nthawi yaitali.

"Chatsala pang'ono."

"Pang'ono si kunyambita. Tiyeni kuphiri."

Tinakwera atatu, ine pambuyo. Mphukira za pazitsa zinali zitafika m'chiuno, zina m'chifuwa, ndipo munkalira timbalame timene sindinatimvepo kwathu. Amayi ankatsogola akupatula nthambi ndi dzanja, akulongosola ngati anabadwa akuzidziwa.

"Mukuona, achimwene, tsamba lili ndi pakamwa. Masana limatseka. Ndiye mukalibzala pambee limapserera ngati poto. Anthu ambiri sadziwa zimenezi."

"Inu munazidziwira kuti?"

"Pakhomo panga pali munthu wophunzira," anatero amayi, osacheuka. Ndinayang'ana pansi, koma kumaso kwanga kunkamwetulira kokha.

Malume anathyola kaudzu nkumatafuna. Anayang'ana tchire, anayang'ana nyumba kumunsi, anayang'ananso tchire.

"Timitengo timeneti tidzagwira phiri liti? Ine nditakalamba?"

"Mwakalamba kale. Chimene chikufunika pano ndi miyala, tiitchinge kukamwa kwa chigwembeku mpaka mizu igwirane. Kumtsinje ilipo yambiri, koma pamutu sindingathe. Mwachita bwino kubwera ndi lole."

"Mlongo, lole imeneyi ndabweretsera katundu wanu!"

"Miyalayo ndiye katundu wanga."

Anakangana mpaka kutsika phiri, mawu okweza, manja m'mwamba, monga amachitira anthu obadwa mimba imodzi. Pamapeto pake malume anati chaka chimodzi chokha, chimodzi basi, ndipo chikadzasendera ngakhale phazi limodzi sadzamvanso za masamba. Amayi anati amva.

Tsiku limenelo lole inapita kumtsinje nkubwera, kupita nkubwera. Anyamata a m'mudzi anathandiza kutsitsa, azimayi a kumjigo aja anabwera ndi thobwa, akuti iwo anaziona kale kuti mwanayu ali ndi mutu. Malume anavula shati yawo ya m'tauni nkuikoleka panthochi. Ine ndinkalandira miyala nkumapatsira amene anali m'chigwembe, manja akuwawa, mtima uli m'malo.

Ulendo womaliza dalaivala ankabwerera chambuyo kuti ayandikire kumutu kwa chigwembe, tayala likulunjika pakachitsamba kaminga ka m'mbali mwa njira. Amayi anataya mwala umene ananyamula nkuthamanga, akumenya bodi ya lole ndi chikhatho.

"Ima! Ima, iwe! Sukuona?"

Dalaivala anasuzumira pawindo. "Ndi minga chabe iyi, mayi."

"Minga chabe kwanu konko," anatero amayi akupuma mwabefu. "Khota uko. Pansi pake pali mbawa."